Tcheni chikulira, ulendo wa makilomita 1,400 uli pafupi: ndiyambire pati?

Funso: Ndili ndi njinga yamoto ya 250cc, ya silinda imodzi, ndipo yayenda makilomita 19,000. Ine ndi anzanga atatu tikukonza ulendo wa makilomita 1,400 m'masiku anayi. Pafupifupi makilomita 400 ndi msewu wafumbi wodutsa m'mapiri, kwinako ndi tala. Tcheni chinkagunda ndikamadutsa m'mabampu ndiye ndinachikunga mpaka chinasiya kugwedera, koma pano chikulira mwachilendo ndikathamanga. Ndiyang'ane chiyani ndisananyamuke, nanga ulendowu tiugawe bwanji?

Yankho: Yambani ndi kumasula tchenicho lero lomwe, musanayendenso. Kulira mukukumvako n'kwa tcheni chokungika mopitirira muyeso. Tcheni cha njinga yamoto chimayenera kugwedera, ndipo chifukwa chake chili pa mkono wachitsulo umene umagwira tayala lakumbuyo, uja amakaniko amati swingarm. Mkonowu umakwera n'kutsika njinga ikamagunda mabampu, koma pamene unamangidwira ku felemu si pamene pali sipuloketi yakutsogolo, kagudumu ka mano kamene kamakoka tcheni, ndi kumbuyo kwake pang'ono. Choncho mtunda wa pakati pa masipuloketi awiriwo umasinthasintha. Umatalika kwambiri pamene sipuloketi yakutsogolo, polumikizira mkonowo ndi ekiselo yakumbuyo zakhala mumzere umodzi, ndipo zimenezi zimachitika mukakwerapo inu ndi katundu, shoko n'kutsika. Tcheni chimene chikuoneka bwino njinga ili yokha pasitandi chimakungika ngati nsambo ya gitala mukangokhala pampando. Mphamvu yonseyo imathera pa bering'i ya shafiti yotuluka mu giyabokosi, pa silo yotchinga oilo pamenepo, ndi pa mabering'i a tayala. Silo ikayamba kudontha, ntchito yake ndi yaing'ono. Bering'i ya shafiti ija ikafa, pa njinga zambiri injini imayenera kugawidwa pakati kuti isinthidwe.

Kuyeza kwake n'kotere. Zimitsani injini, chotsani giya. Pezani pakatikati pa masipuloketi awiri, kumbali yapansi ya tcheni, ikani lula pamenepo, kankhirani tcheni m'mwamba ndi chala kenako m'munsi, muwerenge mtunda wonse umene chayenda. Njinga zambiri zoyenda pa tala zimafuna mamilimita 25 mpaka 35. Zamashoko ataliatali, zopangidwira misewu yoipa, zimafuna ochulukirapo, zina mpaka 50. Nambala yeniyeni ya njinga yanu ili m'buku lake, kawirikawiri ilinso pa kapepala komatidwa pa swingarm, ndipo bukulo limanenanso ngati muyezera njinga ili pasitandi yapambali kapena yapakati. Musayeze malo amodzi n'kukhutira. Tcheni sichitha mofanana ponseponse, ndiye zunguzani tayala pang'onopang'ono, yezani malo anayi kapena asanu, mupeze pamene chakungika kwambiri. Pamenepo ndi pamene muyenera kutengera muyeso.

Pokonza, masulani nati ya ekiselo, kenako tembenuzani mabawuti okungira a mbali zonse ziwiri mofanana, pang'onopang'ono, kota ya kuzungulira nthawi imodzi. Pa swingarm pali timizere; ekiselo iime pa kamzere kofanana kumanja ndi kumanzere, apo ayi tayala limapendama ndipo tcheni chimadya mano a sipuloketi chammbali. Popeza inu mukumasula, muyenera kukankhira tayala kutsogolo kuti ligunde mabawutiwo musanamange. Mukamanga nati ya ekiselo, yezaninso, chifukwa kumangako kumakunga tcheni pang'ono. Ngati buleki yakumbuyo ndi ya diramu yokokedwa ndi kandodo, ikonzeninso, poti tayala likasuntha nayonso imasintha.

Funso lalikulu ndi lakuti n'chifukwa chiyani chinkagunda poyamba paja. Pa makilomita 19,000, ngati ndi tcheni chimene njinga inabwera nacho, n'kutheka chatha. Gwirani tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yakumbuyo, muchikokere kumbuyo. Chabwino sichichoka pa mano. Ngati chikunyamuka mpaka kuonetsa theka la dzino, chatha. Mukafuna nambala, werengani mapini 21 tcheni chili chokungika, muyeze mtunda wochokera pa pini yoyamba kufika pa yomaliza. Tcheni cha saizi 520 chikakhala chatsopano mtunda umenewu ndi mamilimita 317.5, ndipo mabuku ena amaika malire pa 319, ena pa 323. Cha saizi 428 chatsopano ndi mamilimita 254. Onaninso mano a masipuloketi: akasongoka n'kupindikira mbali imodzi, atha. Sipuloketi yakutsogolo imabisala kuseri kwa chivundikiro ndipo ndi imene imatha msanga poti ndi yaing'ono, ndiye tsegulani muione. Zikatha, sinthani zonse zitatu pamodzi, tcheni ndi masipuloketi awiri. Tcheni chatsopano pa mano akale sichichedwa kuwonongeka. Ngati cholumikizira chake n'cha kilipi, mbali yotseka ya kilipiyo iyang'ane kumene tcheni chikupita, kuti ikakhula chinthu isavuke. Tengani cholumikizira china chapadera cha saizi yomweyo.

Kutsuka, gwiritsani ntchito palafini ndi burashi yofewa. Petulo ndi burashi yawaya zimawononga timphira tija timasunga girisi m'kati mwa matcheni a O-ring. Pakani mafuta a tcheni kumbali yam'kati, madzulo mukangofika tcheni chikadali chofunda, pa makilomita 500 aliwonse kapena mukayenda pamvula, ndipo pukutani otsalira chifukwa pafumbi mafuta ochuluka amagwira mchenga n'kuyamba kupala zitsulo. Tayala muzizunguza ndi dzanja. Anthu adukapo zala popukuta tcheni injini ikulira ili m'giya.

Matayala ndi achiwiri. Musangofunsa ngati tayala lili bwino lero, funsani ngati lidzakhale bwino pa kilomita ya 1,400. M'mizere ya tayala muli timabampu tating'ono tosonyeza malire. Mphira ukatsala pang'ono kufanana nato, sinthani musananyamuke, makamaka lakumbuyo limene limatha msanga likasenza katundu. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi limayamba kuuma ngakhale mizere ikadalipo, ndipo ming'alu ya m'mbali ndi chizindikiro chake. Latsopano limaterera poyamba, ndiye liyendereni mosamala makilomita ngati 150 ulendo usanafike. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, ndi geji yanuyanu, ndipo tsatirani nambala ya m'buku ya njinga yonyamula katundu, osati yolembedwa pa tayala, chifukwa imeneyo ndi malire a tayalalo.

Ambiri amachepetsa mpweya akafika pafumbi kuti tayala ligwire bwino. Zimathandizadi, koma pa njinga yolemedwa, yamachubu, m'msewu wamiyala, muchepetse pang'ono chabe. Mpweya ukachepa, mwala umapanikiza chubu pa limu n'kuboola timabowo tiwiri toyandikana. Vuto lina ndi lakuti tayala limayamba kusuntha pa limu n'kumakoka chubu mpaka valavu kuzuka, ndipo bowo la pa valavu silimatika. Chizindikiro chake ndi valavu yopendama. N'chifukwa chake kanati ka pa valavu sikayenera kumangidwa mpaka kugunda limu: kakakhala komasuka, valavu imapendama n'kukuchenjezani isanazuke. Mukabwerera pa tala, popaninso nthawi yomweyo, poti tayala lophwa limatentha kwambiri pa liwiro. Gogodani masipoko onse ndi sipanala. Lomangika bwino limalira mokweza, lomasuka limangoti phu.

Mabuleki sachedwetsa kuona. Mapadi akatsala mamilimita awiri, sinthani, chifukwa matope ndi mchenga zimawadya mofulumira. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, ndipo amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka atafika madigiri 230, koma akayamwa madzi malirewo amatsika kufika cha pa 155. Pamtsetse wautali wam'mapiri, mutagwira buleki osalekeza, mafuta akalewo amawira, m'paipi ya buleki mumadzaza nthunzi, ndipo chogwirira chimangofika pa handulo osagwira kanthu. Tsikani mtsetse ndi giya yotsika, injini izikugwirirani, buleki muziigwira mwamphamvu kanthawi n'kuisiya. Musasakanize DOT 5 ndi DOT 4, ndi mafuta a mtundu wosiyana.

Oilo musinthe ulendo usanayambe ngati nthawi yake ikwanire muli m'njira. Pabotolo payenera kulembedwa JASO MA kapena MA2. Pa njinga zambiri kilatchi imasamba mu oilo yemweyo wa injini, ndipo oilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterereretsa amene amachititsa kilatchi kuterera pachitunda. Injini ngati yanuyi imasunga oilo wochepa, lita imodzi ndi theka kapena kucheperapo, ndipo ikamalira kwambiri maola ambiri pa tala imamwako. Kuchepa kwa theka la lita pa injini yotere n'kwakukulu. Muziyeza m'mawa uliwonse njinga itaima chilili pamalo osapendama, ndipo nyamulani theka la lita. Onani m'buku ngati mavalavu a injini akwana nthawi yoyezedwa. Amayezedwa injini itazizira, ndipo valavu yothina ndi yoopsa kuposa yolira tiki-tiki, chifukwa simveka koma imapsa.

Fyuluta ya mpweya ndi imene idzavutike kwambiri m'makilomita 400 aja, makamaka kwa amene ali kumbuyo akudya fumbi la anzake. Yasiponji itsukeni, iume, muipake oilo wake n'kufinya otsalira, osapotokola. Yapepala siitsukidwa, imasinthidwa. Batire lopuma lizisonyeza 12.6 V kapena kuposa, ndipo injini ikamalira lizifika pakati pa 13.5 ndi 14.5 V, likapanda kukwera, vuto lili pa chotchajira, ndipo batire latsopano silingakupulumutseni. Chingwe cha kilatchi chimakonda kudukira pafupi ndi chogwirira, ndiye onani ngati tiwaya tayamba kuthothoka pamenepo. Okwera odziwa amamangiriratu chingwe chapadera m'mbali mwa chakalecho, nsonga zake zitakutidwa, kuti chikaduka angolumikiza. Tukulani tayala lakutsogolo, tembenuzani mahandulo uku ndi uku: akamakodwa pakati, mabering'i a khosi atha. Magetsi, hutala ndi mabawuti onse ogwira keriyala, onani mwachangu.

Zonsezi zichitike sabata imodzi ulendo usanafike, osati usiku wonyamukira. Zolakwika zambiri zimatuluka pa makilomita oyamba njinga ikangokonzedwa: bawuti yoiwalika, oilo wodontha pa nati yotsitsira, chubu chopanidwa poika tayala. Komanso gwirani ntchitoyi ndi zida zomwezo zimene mudzanyamule. Mukapeza kuti sipanala ya m'thumba mwanu siimasula nati ya ekiselo muli pakhomo, mwapindula. Kupatula masipanala, pakhale zitsulo zochotsera tayala, pampu yamanja, zigamba ndi guluu wosauma, chubu chapadera, pulagi, mafyuzi, waya wofewa ndi tepi. Ngati malo achepa, chubu cha tayala lakutsogolo la mainchesi 21 chimatha kulowa m'tayala lakumbuyo la 18 n'kukufikitsani pokonzera, koma cha 18 sichikwana kutsogolo. Anthu anayi sayenera kunyamula mapampu anayi. Gawanani, bola aliyense akhale ndi machubu ndi masipanala a saizi ya njinga yake. Ndipo amene sanachotsepo tayala lakumbuyo yekha ayesere kunyumba.

Katundu wolemera akhale pansi ndiponso pafupi ndi pakati pa njinga. Mukaunjika kumbuyo kwa ekiselo, tayala lakutsogolo limapepuka ndipo mahandulo amayamba kunjenjemera pa liwiro. Limbitsani sipuling'i ya shoko yakumbuyo kuti mukakhala ndi katundu yense njinga itsike gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda umene shokoyo imayenda. Zikwama zitalikire ekizozi, ndipo nsonga za zingwe zomangira zisalendewere pafupi ndi tcheni. Mukamaliza kumanga, khalanipo, mnzanu aone ngati tcheni chikadali ndi mpata.

Tsopano njira. Musagawe 1,400 ndi 4 n'kunena kuti 350 patsiku. Ulendo wa njinga umagawidwa ndi maola. Pa 250cc yolemedwa, muli anayi, kuphatikizapo kuima kothira petulo ndi kupuma, werengerani makilomita 60 pa ola pa tala ndi 30 pa msewu wafumbi wam'mapiri. Makilomita 1,000 a tala ndi maola pafupifupi 17, ndipo 400 afumbi ndi maola 13. Onse pamodzi ndi maola 30, kutanthauza maola asanu ndi awiri ndi theka tsiku lililonse kwa masiku anayi otsatizana, popanda tayala kuphwa, popanda mvula, popanda kusochera. N'zotheka, koma palibe mpata ngakhale pang'ono, ndipo tayala limodzi lamachubu likaphwa limadya ola lathunthu. Langizo langa ndi lakuti muwonjezere tsiku lachisanu. Ngati sizingatheke, dulani ulendowo, ndipo mudule pa tala, poti m'mapirimo ndi mmene mukupitira.

Mbali yafumbi muigawe masiku awiri, ndipo muziilowa m'mawa thupi likadali ndi mphamvu. Isakhale tsiku lomaliza, pamene aliyense watopa ndipo mtima uli kunyumba. Konzani zofika pogona kutatsala maola awiri kuti dzuwa lilowe. Maola awiriwo ndi amene mudzabwereke zinthu zikavuta. Onaninso kumene msewu ukuloza: kuyenda cha kumadzulo dzuwa likupendeka, galasi la chisoti lili ndi fumbi, simuona dzenje kapena chiweto mpaka mutachifika. Pumani pakatha ola limodzi ndi theka kapena awiri, ndipo muzimwa madzi musanamve ludzu. Pa tsiku lililonse lembani malo amodzi pamene mungapatukire kubwerera pa tala, ndi nthawi imene muyenera kukhala mutadutsa pamenepo. Mukafika mochedwa kuposa nthawiyo, patukani. Mugwirizane zimenezi muli pakhomo, chifukwa pamphambano aliyense amati tingokwanitsa.

Petulo musamuyerekeze ndi maso. Dzazani thanki, yendani makilomita 150 muli ndi katundu, dzazaninso mpaka pomwe paja, mugawe makilomita ndi malita amene alowa. Tinene kuti mwapeza makilomita 30 pa lita ndipo thanki ndi ya malita 12: papepala ndi makilomita 360. Pokonza njira gwiritsani ntchito magawo awiri mwa atatu okha, makilomita 240. Zitunda, mchenga ndi magiya otsika zimamwetsa petulo, ndipo itatsika kufika makilomita 22 pa lita, thankiyo ikufikitsani pa 264 basi. Liwiro nalo limadya: mphepo imene mumalimbana nayo pa 100 ndi yoposa ya pa 80 ndi theka lonse, chifukwa imakula mowirikiza liwiro ndi liwiro lomwelo. Pagulu, njinga ya thanki yaing'ono ndi imene imalamula poima, ndipo mmodzi akathira onse athire. Pamene malo othirira petulo atalikirana kuposa makilomita 240, nyamulani wapadera m'chigubu chopangidwira petulo, ndipo mumuthire m'thanki mpata ukangopezeka m'malo moyenda naye tsiku lonse. Malo othirira amene ali pa mapu akhoza kukhala otseka kapena opanda mafuta, ndiye osadutsa otsegula mukulowa m'mapiri ngakhale thanki ili pa theka. Njinga idzafooka mukakwera kwambiri m'mapiri, pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse, chifukwa mpweya umapepuka. Si kuwonongeka, tsitsani giya.

Mapu atsitsireni pa foni musananyamuke. Google Maps imalola kutero, ndipo OsmAnd ndi Organic Maps zimagwira popanda netiweki ndiponso zimaonetsa tinjira tating'ono. Nthawi imene mapulogalamuwa amalonjeza pa msewu wafumbi musaikhulupirire, werengani nokha monga tachitira pamwambapa. Mukamagawana njira, tumizanani fayilo ya GPX yokhala ndi mzere weniweni wa njirayo. Mukangotumizana mayina a malo, foni iliyonse imadzisankhira podutsa, ndipo anthu anayi amapatukana pamphambano aliyense akukhulupirira kuti walondola. Lembaninso papepala mayina a mphambano zikuluzikulu ndi makilomita ake, mumate pa thanki. Foni yomangidwa pa mahandulo imatentha padzuwa n'kuzima, komanso kunjenjemera kwa injini kumawononga kamera. Kampani ya Apple inachenjezapo zimenezi mu 2021. Foni yakale imakwanira ntchito imeneyi, yabwinoyo ikhale m'thumba. Munthu wina wotsala adziwe njira yanu ndi pamene mugone tsiku lililonse.

Pamsewu, amene sanazolowere akhale wachiwiri, kumbuyo kwa wotsogolera, ndipo wodziwa kukonza akhale womaliza ndi zida. Pa tala siyanani masekondi awiri, pafumbi talikiranani mpaka fumbi la mnzanu litsike. Lamulo limodzi limasunga gulu: aliyense amayang'anira amene ali kumbuyo kwake. Mukafika pokhota, imani mpaka wakumbuyoyo akuoneni kumene mwalowera. Akapanda kuoneka, dikirani pomwepo, ndipo wakutsogolo kwanu adzaimanso poona kuti simukubwera.

Mitsinje yopanda milatho ifunseni kwa anthu ochokera kumeneko tsiku lomwelo, poti mapu sadziwa za mvula ya dzulo. Musanawoloke, mmodzi ayende wapansi aone kuya kwake ndi miyala, ndipo dziwani pamene njinga yanu imakokera mpweya, kawirikawiri pansi pa mpando. Madzi othamanga ofika m'mawondo ndi okwanira kugwetsa njinga yolemedwa. Wolokani mmodzimmodzi, giya yoyamba, moto wosasinthasintha. Njinga ikayamba kugwa, zimitsani injini isanamire. Ikazimira m'madzi musailize, chifukwa madzi sapanikizika ngati mpweya ndipo pisitoni ikawagunda imapinda kondirodi, chitsulo chimene chimagwira pisitoniyo. Ikankhireni kumtunda, chotsani pulagi ndi fyuluta, khuthulani madzi m'bokosi la fyuluta ndi mu ekizozi, tsitsani petulo wa m'kabureta ngati ilipo, kenako zunguzani injini pulagi ili kunja mpaka pabowo pasiye kutuluka madzi. Umitsani pulagi, bwezerani, lizani. Onani oilo: akasanduka woyererako ndiye kuti madzi alowa, ndipo yendani pang'onopang'ono kufika pamalo oyamba pamene mungamusinthe, kawiri ngati woyambayo atulukanso woyera.